Thovu pa Chiwindi cha Mbuzi

MUTU 7

1. Dzanja la Che Hamadi

Pa msika wa Namadzi, m'chaka cha 1987, panalibe dzanja lotchuka kuposa dzanja lamanja la Che Hamadi. Nkhope yawo ena ankaiiwala, koma dzanja ayi. Ndilo linkazinga mbuzi zonse zogulitsidwa pamsikapo. Ngakhale Akhristu a ku Mbulumbuzi akakhala ndi chinkhoswe ankakoka mbuzi yawo mpaka kwa Che Hamadi kuti aizinge mwachisilamu. Ankatero kuti pa tsiku la phwando mnansi aliyense adye momasuka, osayamba wafunsa kuti nyamayi wapha ndani.

Mwana wawo woyamba, Subira, anali mu Fomu 3 pa sekondale ina yogonera konko ku Zomba. Sukulu zitatsekera kumapeto kwa Julaye, anafika pakhomo Lachinayi, chiperoni chili tsaa. Anapeza bambo ake ali pakhonde, dzanja lija atalikulunga ndi kansalu n'kulifungata pachifuwa ngati khanda.

"Ababa, dzanja latani?" anafunsa Subira atatha kupereka moni.

"Palibe chodetsa nkhawa. Kafupa ka mbuzi kanandibaya pachikhatho masabata awiri apitawo. Likupola. Ulawire mawa udzamuone dokotala wanga."

Dokotala wawoyo anali botolo lofiirira limene anakagula ku Limbe. Pa pepala lake panalembedwa kuti pelokisaidi, koma anthu ankangoti mankhwala a thovu.

M'mawa mwake Che Hamadi anamasula kansalu kaja. Subira atayang'ana, mtima unamuthawa. Chikhatho chinali chitatupa mpaka khungu kunyezimira. Zala sizinkapindika, ndipo pabala pankatuluka mafinya achikasu. Eni ake dzanja sanatekeseke. Anatsegula botolo ndi mano, nathira pabalapo. Nthawi yomweyo panatuluka thovu loyera ngati la sopo.

"Waona?" anatero Che Hamadi akumwetulira, ngakhale misozi ya ululu inali m'maso. "Awo ndi majeremusi akufa. Anandiphunzitsa mkulu wina wotsuka zilonda pa esiteti ya fodya, iwe usanabadwe. Thovu likachuluka ndiye kuti afa ambiri. Dzana linali lochepa, koma lero taona wekha."

Che Hamadi anali munthu wabwino ndi wanthabwala. Vuto lawo linali limodzi: mfundo akaigwira ankaigwira mmene ankagwirira mbuzi, sinkawapulumuka. Komanso kunali kutatsala masiku asanu kuti ifike Idi yozinga mbuzi, ndipo mabanja oposa makumi atatu anali atawauza kale kuti adzawazingire.

2. Zimene ananena Mayi Namakhwa

Subira thovu limeneli sanali kuliona koyamba. Teremu yomwe inangothayo, aphunzitsi awo a bayoloje, Mayi Namakhwa, anabwera m'kalasi ndi botolo longa lomwelo pamodzi ndi kachidutswa ka chiwindi. Atathira mankhwalawo pachiwindi, thovu linasefukira mpaka pa tebulo, atsikana onse n'kufa nako kuseka.

"Musangoseka, atsikana inu," anatero Mayi Namakhwa tsiku limenelo. "Tcherani khutu, chifukwa nonsenu tsiku lina mudzakhala ndi wodwala pakhomo. M'magazi mwathumu muli asilikali, timaselo toyera. Majeremusi akalowa pachilonda, asilikaliwo amawameza n'kuwathira poizoni kuti afe. Wina mwa poizoni ameneyo ndi yemweyu ali m'botolomu. Thupi limadzipangira lokha, pang'ono zedi.

"Koma poizoni sasankha. Kuti asatiwononge eni akefe, m'magazi ndi m'nyama mwathu muli chinthu china chotchedwa katalesi. Ntchito yake ndi kuphwanya poizoniyu kuti asanduke madzi ndi mpweya. Thovu mukuliseka ili ndi mpweya umenewo.

"Tsono choopsa nachi. Majeremusi ena, makamaka amene amabweretsa zithupsa ndi mafinya, nawonso ali ndi katalesi wawo. Msilikali akawathira poizoni, iwo amamuphwanya n'kupitiriza kuswana. Zili ngati kuopseza ndi moto munthu amene wasenza ndowa ya madzi. Choncho mukadzaona thovu pachilonda, musadzati chapola. Pamwamba mankhwalawa amatsukako ndithu, koma majeremusi amene alowa mkati sawafikira. Chilonda chotupa, chotentha, chobweretsa mwanabele, malo ake ndi kuchipatala tsiku lomwelo. Ndanena, ndipo musadzati sindinanene."

Masana a Lachisanu limenelo, bambo ake atabwera kumzikiti, Subira anagwada pambali pawo n'kuwafotokozera zonsezi mwaulemu. Panalibe munthu wina pafupi. Che Hamadi anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anaseka.

"Katalesi? Ameneyo ndi mwana wa kwa yani? Ndi wa ku Zomba komweko?"

"Ababa, sindikucheza."

"Nanga aphunzitsi akowo anazingapo mbuzi zingati? Mabala ine ndawaona ambiri, mwanangu. Idi ikadutsa ndidzapita, kungofuna kukusangalatsa. Koma kuchipatala ndikukudziwa. Mnzanga Che Asumani anapita ndi mwendo wotupa, anabwerako ndi mwendo umodzi. Ine dzanja langa sindikalipereka ndekha kwa anthu odula."

Anatseka nkhaniyo pomutuma kuti akawatengere madzi akumwa.

3. Chenjezo la amayi

Amayi ake a Subira, Abiti Rajabu, anali kuseri kwa nyumba akusenda nandolo wamuwisi, ndipo zonse anazimva. Anamukodola mwana wawo n'kumupatsa lichero lina.

"Khala apa, ndikutsine khutu," anatero. "Pamene tinkakutumiza ku sekondale, anthu anawaseka bambo ako. Iwe sunamve, koma ine ndinamva. Ankati mwana wamkazi akaphunzira amabwera ndi mwano, amayamba kuweruza amene anamubala. Bambo ako anawayankha kuti wanga sadzatero, ndipo anayima pomwepo mpaka lero.

"Tsono ndakuona maso akowo. Ndi maso a munthu amene sanamalize kulankhula. Wanena pawiri, wakwaniritsa mbali yako. Usadzayerekeze kuwatsutsa pagulu. Ukadzatero udzawachititsa manyazi pamaso pa anthu omwe aja ankawaseka. Amenewo adzatsekera ana awo aakazi m'nyumba n'kumati, 'Simunamuone wa Che Hamadi?' Mwana sakulira nakubala, Subira. Zaka makumi awiri ndakhala nawo bambo ako, ndikudziwa kuti ukawakankha amalimba ngati chitsa.

"Usaganize kuti ine ndilibe maso. Dzanjalo ndikuliona. Thupi likutentha, chakudya akungochilawa, dzulo analephera ngakhale kumanga batani la malaya. Mantha ndili nawo kuposa iwe. Koma akulu ali ndi njira yawo yolankhulira nawo. Dikira Idi ipite."

Subira anayankha akusenda nandolo.

"Ndamva, amayi. Koma Idi ili kutali ndi masiku asanu. Dzanja lija silifika."

Abiti Rajabu anangopitiriza kusenda, koma makoko ankawaponya m'lichero la nandolo wosendasenda osazindikira.

4. Funso la pamsika

Loweruka linali tsiku la msika. Poti bambo ake sakanatha kunyamula kanthu, Subira ndiye anasenza ndowa ya madzi ndi mipeni mpaka kuseri kwa msika, pansi pa mtengo wa mango pamene ankazingirapo.

Kumeneko anapeza a Jeremiah akudikira ndi tonde wonenepa. A Jeremiah anali mlimi wa nandolo wa ku Mbulumbuzi, mkulu wa mpingo, ndipo ankadziwana ndi Che Hamadi kuyambira ali anyamata. Mwana wa a Jeremiah, Easter, anali ndi chinkhoswe madzulo a tsiku lomwelo.

Che Hamadi anagoneka mbuziyo mothandizidwa ndi a Jeremiah, natchula dzina la Mulungu. Anazinga kamodzi monga mwa lamulo, pakuti luso silithawa. Koma atangomaliza, mpeni unawapulumuka n'kugwera pansi. Kunja kunkazizira, komabe thukuta linali kamukamu pankhope pawo.

A Jeremiah ndiwo anasenda chikopa ndi kutumbula. Kenaka anatulutsa chiwindi n'kuchiika pa tsamba la nthochi, chifukwa aliyense ankadziwa mwambo wa Che Hamadi. Nyama sinkachoka pamtengo paja iwo asanaone chiwindi. Ankati chiwindi sichibisa matenda a mbuzi, ndipo kangapo konse anakwiriritsa mbuzi yathunthu chifukwa cha banga limodzi. Anachitembenuza ndi dzanja lamanzere, nachicheka pakati, nachinunkhiza.

"Ichi ndiye chiwindi," anatero. "Chopanda banga, chopanda nyongolotsi. Alendo anu adye ndi mtima umodzi, achimwene."

Atatero anakhala pa muzu, natulutsa botolo lija m'thumba. Amayi ogulitsa tomato ndi abambo odikira nyama anayandikira. Kansalu katachoka, ena anayang'ana kumbali. Kutupa kunali kutadutsa pamfundo ya dzanja, kukukwera mkono.

"Musaope," anatero Che Hamadi akuthira. "Onani mmene akuferamu. Lero ndiye aphedwa ambiri."

Subira anatsitsa ndowa. Mawu a amayi ake anali akadali m'khutu. Anayang'ananso mkono uja. Kenaka anayenda mpaka pamaso pa bambo ake, nagwada pafumbi.

"Ababa, mundilole ndifunse. Ndine mwana, zambiri sindizidziwa."

"Funsa."

"Chiwindichi mwati n'chabwino?"

"Ndatero."

"Mulibe matenda alionse?"

"Zaka makumi atatu ndikuona ziwindi, Subira. Ndikati n'chabwino, n'chabwino."

"Ndiye nditathirapo mankhwala anuwa, thovu silingatuluke, poti mulibe majeremusi oti afe?"

Che Hamadi anaseka, anthunso anaseka nawo.

"Lichokera kuti thovulo? A Jeremiah, tabwerekani mwanayu kachidutswa aone yekha. Sukulu imeneyi itipha."

Subira anacheka kachidutswa ka mkati mwenimweni, kosakhudza fumbi, nakaika m'kapu yomwera madzi. Anathiramo mankhwala pang'ono. Thovu linakwera ngati mkaka wowira, linadzaza kapu, linasefukira pa zala zake mpaka pansi. Linaposa la pachilonda kutalitali.

Kuseka kunatha. Mayi wina wogulitsa tomato anagwira pakamwa.

"Ndiye kuti mbuziyi njodwala? Anthu akadya imeneyi kuchinkhoswe?"

Maso onse anali pa Che Hamadi. Panali njira ziwiri zokha. Akanatha kunena kuti chiwindi chili ndi majeremusi, n'kuvomera kuti diso lawo la zaka makumi atatu lanama ndipo mbuzi ya mnzawo ikwiriridwe. Apo ayi, anayenera kuvomera kuti thovu si majeremusi akufa. Anatenganso chiwindi chija n'kuchiyang'ana nthawi yaitali.

"Mbuziyi ilibe matenda," anatero motsitsa mawu. "Pa ichi chokha sindinganame."

Subira anadikira mpaka thovu litaphwa. Anavuula kachidutswa kaja, nacheka kena katsopano, nakaponya m'madzi otsala m'kapumo. Anthu anasuzumira. Sipanatuluke thovu ngakhale pang'ono.

"Ababa, mankhwala aja atha. M'kapumu mwangotsala madzi wamba. Thovu lija anali mankhwala anu akuphwanyidwa. Chimene chawaphwanya m'chiwindimu chilinso m'magazi mwanu, ndipo majeremusi a mafinya nawo ali nacho. Ndi chimene amadzitetezera nacho kwa asilikali a m'thupi mwanu. Inu mukuthira pamwamba, iwo ali mkati akuswana."

Nkhope ya Che Hamadi inachita mdima.

"Ndiye wandisonkhanitsira anthu kuti andiseke?"

Subira anawerama, misozi ikugwera m'kapu muja.

"Ayi, ababa. Ngati ndachita mwano mukandimenye kunyumba, sindithawa. Ine ndikungofuna kuti dzanja lodzandimenyeralo likhalepo."

5. Mawu a mnansi

A Jeremiah anapukuta manja pa udzu, nadzakhala pa muzu womwewo pambali pa mnzawo.

"Che Hamadi, achimwene anga, palibe amene akuseka pano. Yang'anani nkhope za anthuwa. Mwanayu wagwada, wapempha chilolezo, ndipo mwamulola nokha. Mwano sufika chogwada.

"Ndamva kuti mumaopa chifukwa cha Che Asumani. Nkhani imeneyo mundifunse ine, poti ndine amene ndinawakweza pa njinga yanga. Munthu uja minga inamubaya mu Epulo. Tinamuuza kuti apite, iye anati ayambe wakolola. Atakolola anati ayambe watuta. Atatuta anati ayambe wamanga nkhokwe. Tsiku limene tinamunyamula, phazi linali litada kale, ndipo panjira anthu ankatipatukira chifukwa cha fungo. Madokotala sanadule mwendo uja chifukwa choti anapita. Anadula chifukwa anachedwa. Chimanga chija anadya ndi ena, iye ali chigonere miyezi itatu.

"Chaona mnzako chapita, achimwene. Ine ndine Mkhristu, inu ndinu Msilamu, koma dzanja ili ndi lathu tonse. Likapita, mbuzi zathu tidzazikokera kwa yani? Takwezani mkonowo ndione."

Che Hamadi anakweza mkono pang'ono, akuluma mano. A Jeremiah anapisa dzanja m'khwapa mwawo n'kupukusa mutu.

"Mwanabele ngati dzira la nkhuku. Ndipo thupili likutentha ngati mwatuluka m'chigafa cha fodya."

"Nanga mbuzi za Idi?" anafunsa Che Hamadi. Mawu awo tsopano anali a munthu wotopa. "Anthu ndinawalonjeza."

"Azinga ashehe ndi ena odziwa, sakusowa. Idi imabwera chaka ndi chaka. Dzanja siliphukira ngati chinangwa."

Che Hamadi anayang'ana mwana wawo, amene anali chigwadire. Anayang'ana kapu ija. Kenaka anatseka botolo, nalipereka kwa Subira.

"Dzuka, mayi. Thamanga ukawauze amayi ako andikonzere bulangeti."

"Palibe chothamangira," anayankha mawu kumbuyo kwa anthu.

Anali Abiti Rajabu. Nthawi yonseyi anali chiimire kuseri kwa ogulitsa tomato, dengu lili pamutu. Atalitsitsa, munali bulangeti, mbale, kapu ndi malaya awiri ochapachapa. Subira anawayang'ana modabwa, koma iwo anangomukonza mpango kumutu.

6. Majeremusi pa galasi

Anakwera galimoto ya matola mpaka kuchipatala cha kuboma. Kumeneko atangoona mkonowo anawatumiza tsiku lomwelo kuchipatala chachikulu mumzinda. Dokotala anang'amba chikhatho n'kuchotsa mafinya odzaza kambale, pamodzi ndi kachibenthu ka fupa kamene kanatsalira mkati. Kenaka anayamba kuwabaya jakisoni kanayi pa tsiku.

"Mukanachedwa masiku ena awiri, tikanakambirana zodula," anatero dokotalayo. Abiti Rajabu atamva zimenezi anakhala pansi pakhonde la wodi n'kulira, koma kunali kulira kwa munthu amene watula katundu.

Idi inawapeza Che Hamadi ali pabedi. Sanadandaule kwambiri, chifukwa anali atapeza ntchito ina. Aliyense wolowa m'wodimo, kaya namwino kaya wokolopa, ankamuimitsa n'kumufotokozera za mwana wawo ndi chiwindi cha mbuzi. Munthu yemwe uja ankaseka sukulu tsopano ankaiyamikira mpaka odwala anzake kufunda kumutu.

Nkhaniyo inafika kwa a Simoni, bambo amene ankayeza magazi ndi mafinya pachipatalapo. Tsiku lachinayi anabwera kudzaitana Subira, ndipo Che Hamadi anakakamira kutsatira, mkono uli m'nsalu yokoleka m'khosi.

A Simoni anawaonetsa kambale kagalasi kokhala ndi timadontho tachikasu.

"Awa ndi majeremusi ochokera m'dzanja lanu, bambo. Tawameretsa muno kuti tiwadziwe mtundu wake." Anatapako pang'ono ndi kamtengo, napaka pa galasi loyera, nadonthezapo dontho limodzi la mankhwala aja. Pomwepo panawira kathovu. "Apa palibe magazi, palibe nyama. Ndi majeremusi okhaokha, amoyo, akudziteteza. Ife timachita zimenezi pofuna kusiyanitsa mitundu, chifukwa ena alibe katalesi ndipo sachita thovu. Awa ali naye, ndiponso ali ndi zida zina zofanana naye zozimitsira poizoni wa asilikali a m'thupi. N'chifukwa chake thupi palokha linkalephera. Jakisoni amene mukubayidwayu amawagwira pena, amawang'amba chikopa chawo, ndipo pamenepo katalesi sawathandiza."

Che Hamadi anawerama n'kuyang'anitsitsa kathovu kaja.

"Ndiye ine ndinkaombera m'manja adani anga m'mawa uliwonse," anatero. "Subira, ukabwerera kusukulu ukawauze Mayi Namakhwa kuti mwendo wa mbuzi ukubwera."

A Simoni anamulola Subira kusuzumira pa makina oonera tinthu tating'ono. Anaona timipira tambirimbiri tounjikana m'magulumagulu, ndipo sanafune kuchokapo mpaka bambo ake anachita kumukoka.

7. Zala zisanu

Patatha masiku khumi ndi awiri Che Hamadi anatuluka. Chikhatho chinali ndi chipsera chachitali, ndipo chala chaching'ono sichinkapindika bwino. Koma dzanja linalipo, lathunthu, ndipo linkafumbata.

Loweruka lotsatira anapita kumsika ndi Subira. Anthu anawaunjirira. Pakati pawo panali abambo ena amene masiku onsewa ankanong'ona kuti mwana wa Che Hamadi wachititsa manyazi bambo ake pagulu. Che Hamadi anawadziwa bwino. Anakweza dzanja m'mwamba n'kutambasula zala.

"Ndamva kuti mwana wanga ali ndi mwano," anatero. "Werengani zalazi. Mukapeza kuti zakwana, mwano umenewo mukaufunefune kuti nanunso ukhale pakhomo panu."

Anthu anaseka, amayi a tomato n'kululutira. Subira anabisa nkhope ndi mpango, koma chimwemwe chinali chitamudzaza mpaka kukhosi.

Kenaka Che Hamadi anayamba kuunguzaunguza, ndipo kumwetulira kunazilala.

"Kodi Che Abbas ali kuti? Malo awo ogulitsira mphasa bwanji ali pululu?"

"Sabata yachitatu ino osabwera," anayankha wina. "Akuti khasu linawatema paphazi."

Che Hamadi anagwira mutu. Che Abbas anali bambo wachikulire wa ku Magomero, wodziwika ndi mphasa zabwino ndiponso ndi khutu louma.

"Subira, ndinalakwa kawiri," anatero. "Mwezi watha munthu uja anandionetsa bala lake. Ndine amene ndinamugulira botolo ku Limbe, n'kumuphunzitsa kuwerenga thovu."

Sanadikire kuti msika uthe. Anabwereka njinga, nagwira zogwirira ndi manja onse awiri, Subira atakhala kumbuyo. Anapalasa njira ya fumbi yodutsa m'minda ya nandolo, ndipo pa mtunda uliwonse Subira ankayang'ana dzanja lija likufinya chitsulo osaterereka.

Anafika dzuwa lili paliwombo. Pabwalo pa Che Abbas panali mphasa yoluka theka, itayamba kudyedwa ndi chiswe. Akazi awo anatuluka, maso ali ofiira, nawalandira motsitsa mawu. Asanamalize moni, m'nyumba munamveka mawu okalipa koma ofooka.

"Ndi Che Hamadi amenewo? Ngati mwabweretsa botolo lina, lowani. Ngati mwabwera ndi nkhani za chipatala, njinga yanuyo itembenuzeni pomwepo."

Che Hamadi anatsamiritsa njinga pakhoma. Anakankha chitseko ndi dzanja lamanja, napatuka pang'ono.

"Tsogola, mwanangu," anatero. "Ine ndibwera pambuyo pako."